Wachibale Akavulala Ubongo: Zochita Kuyambira Pamalo a Ngozi Mpaka kwa Loya

Mlamu wanga anagundidwa ndi galimoto madzulo ena akuchokera kuntchito pa njinga yakapalasa. Anadzuka yekha, n'kusasa fumbi pa buluku. Pachipumi panali kabala kakang'ono, koti n'kubisika ndi chala chimodzi. Woyendetsa galimoto anapepesa, nalonjeza kukonzetsa njinga, awiriwo n'kugwirana chanza. Mayi wina amene ankadutsa ndiye analemba nambala ya galimotoyo pa kapepala, n'kumuika m'thumba la malaya.

Patapita milungu itatu, kalipentala amene wakalambira pa ntchito yake ankayeza thabwa limodzi kanayi, koma pofika pa sowo muyezo unali utauluka m'mutu. Ana akaseka mokweza ankawakalipira, chinthu chomwe sankachita. Bala la pachipumi linali litapola kalekale, ndipo aliyense womuona ankati, “Koma ndiye mwachira bwinotu.”

Vuto la kuvulala ubongo lagona pamenepo. Mwendo ukathyoka aliyense amaona chikhakha, koma ubongo ukavulala munthu amayenda, amalankhula, amapereka moni bwinobwino. Choncho woyang'anira wodwalayo ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kumufunira chithandizo, ndi kusunga umboni wa kuvulala kumene maso saona. Malangizo ali m'munsiwa akutsata ntchito ziwirizi motsatana ndi nthawi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye pomwe ndatchula dziko lina ndangofuna kupereka chitsanzo. Za kwanu akakuuzani ndi loya wa kwanuko.

Kaye, chimachitika n'chiyani m'mutumo

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera kilogalamu imodzi ndi kachidutswa, ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza cholimba. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirizabe ulendo n'kudzimenyetsa ku fupa la kutsogolo, kenaka n'kubwerera kukagunda la kumbuyo. N'chifukwa chake munthu womenyedwa pachipumi akhoza kuvulalanso cha kunkhongo. Mutu ukapotoka mwamphamvu, timitsempha ting'onoting'ono tolumikiza mbali za ubongo timatamuka, tina n'kuduka. Zimenezi zingachitike ngakhale mutuwo usanagunde kanthu, ndiponso munthu osakomoka n'komwe.

Zomwe zimavulaza anthu kawirikawiri, ndi amene angafunsidwe mlandu

Kugwa ndiko kumavulaza mitu yambiri, makamaka ya ana aang'ono ndi okalamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Kugwa kwina kulibe mwini: gogo waterereka m'bafa la m'nyumba mwake. Koma kwina kuli ndi mwini wake, monga masitepe opanda chogwirira m'nyumba ya lendi, pansi ponyowa m'sitolo popanda chenjezo, kapena dzenje lokumbidwa m'njira n'kusiyidwa losatchinga.

Ngozi za pamsewu ndizo zimavulaza moopsa achinyamata. Lipoti la WHO la 2023 linati misewu imapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Bungwe lomweli limati helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Mawu oti “yovalidwa bwino” ndi ofunika, chifukwa helemeti yosamanga lamba wa pachibwano imauluka mwini wake asanafike pansi. Pa ngozi zotere wofunsidwa akhoza kukhala dalaivala, mwini galimoto, kampani imene dalaivala ankaigwirira ntchito, ndipo kumbuyo kwa onsewa kumakhala inshuwaransi.

Pali kumenyedwa: ndewu, achifwamba, nkhanza za m'banja. Mayi womenyetsedwa kukhoma kangapo pachaka amavulala ubongo pang'onopang'ono, ndipo kukanyangidwa pakhosi kumamana ubongo mpweya. Mwana wakhanda akagwedezedwa mwamphamvu ndi munthu wotopa ndi kulira kwake, mitsempha ya magazi imang'ambika m'mutu popanda bala lililonse kunja.

Kuntchito, njerwa imagwa kuchokera pamwamba, makwerero amagwedera, thanthwe limagumuka mumgodi. Pamasewera, nkhonya, rugby ndi mpira zimavulaza mwa kugundana mitu mobwerezabwereza. Ku United States osewera akale a mpira wa ku America anasumira bungwe lawo la NFL pa nkhani yomweyi, ndipo khoti linavomereza mgwirizano wowalipira mu 2015. Kumalo a nkhondo, mphamvu ya bomba imagwedeza ubongo wa munthu amene chidutswa sichinamukhudze.

Mowa umalowerera m'magulu onsewa, ndipo umaipa pawiri: umagwetsa munthu, kenaka n'kubisa kuvulala kwake. Ambiri aikidwa pabedi kuti “mowa uwachoke,” magazi akutayikira m'mutu. Woledzera amene wagunda mutu muzimuona ngati wovulala mpaka dokotala atanena zina.

Gawo loyamba: pamalo a ngozi

Itanani thandizo la chipatala, kenaka yang'anani ngati munthuyo akupuma. Musamudzutse mokoka mikono kapena kumunyamula ngati thumba, chifukwa chimene chavulaza mutu chikhoza kukhala chavulazanso khosi. Gwirani mutu wake ndi manja awiri kuti usatembenuke. Helemeti isavulidwe, kupatula ngati ikumulepheretsa kupuma kapena akusanza. Akayamba kusanza, mutembenuzireni chammbali thupi lonse pamodzi, mutu, khosi ndi msana zili pa mzere umodzi, wina atagwira mutu. Bala lotuluka magazi litsekeni ndi nsalu yoyera, koma ngati fupa likuoneka lophwanyika kapena lolowa mkati, musakanikize. Musam'mwetse kanthu.

Pakati pa piringupiringuyo wina ayang'ane nthawi. Ngozi yachitika nthawi yanji? Anakomoka kwa mphindi zingati? Atatsitsimuka ankadziwa dzina lake? Ankafunsa funso limodzi mobwereza? Mayankho awa adokotala adzawafuna usiku womwewo, ndipo loya adzawafuna patapita chaka, aliyense ataiwala.

Gawo lachiwiri: kuchipatala, ngakhale mwini wake akukana

Zizindikiro izi zikaoneka, musadikire kuti kuche: kukomoka ngakhale kwa kanthawi, kusanza mobwereza, mutu wopweteka moonjezekera, kugwa ngati wakhunyu, kuwodzera kovuta kudzutsa, kusokonezeka, kulankhula mododa, dzanja kapena mwendo kufooka, mwanadiso wina kukula kuposa mnzake, madzi oyera kapena magazi kutuluka m'mphuno kapena m'khutu, ndi mikwingwirima yakuda kuzungulira maso kapena kuseri kwa khutu. Kwa khanda, onani kulira kosatonthozeka, kukana bere ndi liwombo lotupa. Okalamba ndiponso amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, apite ngakhale atangogunda pang'ono.

Wovulala akamati “ndili bwinobwino,” musakhazikike mtima. Mu Marichi 2009 katswiri wa mafilimu Natasha Richardson anagwa akuphunzira kutsetsereka pa chipale ku Mont Tremblant, m'dziko la Canada. Anadzuka, analankhula, ndipo poyamba anakana thandizo. Patapita masiku awiri anamwalira ku New York, chifukwa magazi ankaunjikana pakati pa chigaza ndi chikuto cha ubongo. Kutaya magazi kwa mtundu umenewu nthawi zina kumapatsa munthu maola ochepa ooneka wabwino, ndipo maola amenewo ndiwo opareshoni ikadamupulumutsa.

Kuchipatala adzamuyeza ndi sikelo yotchedwa Glasgow Coma Scale, imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza ku Glasgow mu 1974. Amaona mmene akutsegulira maso, mmene akuyankhira ndi mmene akusunthira thupi, n'kupereka nambala kuyambira 3 mpaka 15. Kuyambira 13 mpaka 15 amati kuvulala n'kochepa, 9 mpaka 12 n'kwapakati, 8 kutsika m'munsi n'koopsa. Funsani nambalayi ndipo muilembe. Koma mawu oti “kochepa” asakupusitseni: akungonena za mmene analili pa ola limenelo, sakulonjeza za mawa. Ambiri amachira m'milungu yochepa, koma ena amakhala ndi mavuto kwa miyezi kapena zaka.

Chimodzimodzi sikani, kujambula mkati mwa mutu ndi makina. Makina a CT amaona bwino magazi otayika ndi fupa losweka, ndipo n'chifukwa chake amayamba ndi iwo. Timitsempha tating'ono toduka nthawi zambiri sationa. Sikani ya mtundu wina yotchedwa MRI imaona zambiri, koma nayonso siona zonse. “Sikani yatuluka bwino” ikutanthauza kuti opareshoni sikufunika, osati kuti ubongo sunagwedezeke.

Fotokozerani adokotala chilichonse, ngakhale chooneka chachabe: chizungulire, kulira kwa m'makutu, kusamva fungo, kuthobwa ndi kuwala. Nenani momveka kuti anagunda mutu ndi mmene zinachitikira. Wodwala amene wathyokanso mwendo, anthu onse amathamangira mwendowo, mutu osalembedwa pena paliponse. Pambuyo pake a inshuwaransi amatsegula failo n'kufunsa kuti, ngati mutu unavulala, bwanji tsiku loyamba sunatchulidwe?

Gawo lachitatu: masiku oyamba kunyumba

Pa maola 24 oyamba pakhale munthu wamkulu womuyang'anira. Asamwe mowa, asayendetse galimoto, asakwere pamwamba. Pa mutu wopweteka parasetamolo ndi wabwino. Asipulini asamwe pokhapokha adokotala atalola, chifukwa imachedwetsa magazi kuundana. Apume tsiku limodzi kapena awiri, kenaka ayambe zintchito zopepuka pang'onopang'ono. Wamasewera asabwerere m'bwalo mpaka achipatala atavomereza, chifukwa kugundanso ubongo usanachire n'koopsa kuposa koyamba.

Kwa okalamba tcheru chipitirire kwa miyezi iwiri kapena itatu. Magazi akhoza kumadontha pang'onopang'ono pansi pa chikuto cha ubongo, gogo n'kuyamba kudzandira ndi kuiwala patapita milungu ingapo, aliyense n'kumati ndi ukalamba. Auzeni adokotala za kugwa kuja.

Gawo lachinayi: sungani umboni usanazimirire

Apa ndikhalitsapo, chifukwa milandu yambiri imatayika m'sabata yoyamba, loya asanadziwe n'komwe kuti kuli mlandu.

Ngozi ya pamsewu kapena kumenyedwa, kanenani kupolisi ndipo mutenge nambala ya lipoti. Ya kuntchito, abwana adziwitsidwe mwa kalata kapena uthenga wolembedwa, inu n'kusunga kope. Kunena pakamwa sikukwanira, chifukwa kapitawo amene munamuuza akhoza kusintha ntchito, kapena kusintha mawu.

Jambulani malowo pa foni zinthu zisanasinthe: sitepe yothyoka, makwerero, pomwe panagwera galimoto, nambala yake, mabala tsiku ndi tsiku. Sitepe yothyoka imene yakhala zaka osakonzedwa imakonzedwa m'mawa mwake munthu akangogwapo. Tengani maina ndi manambala a foni a mboni. Ngati pafupi pali makamera, pemphani mwa kalata kuti kanemayo asungidwe, chifukwa makina ambiri amafufuta okha zakale pakapita masiku kapena milungu. Helemeti yosweka, zovala zong'ambika, njinga yopindika, musataye kapena kukonzetsa. Malisiti onse, a mankhwala, a mayendedwe, a womusamalira, alowe mu envulopu imodzi, pamodzi ndi mapepala osonyeza zimene ankapeza asanavulale.

Kenaka gulani kope. Tsiku lililonse lembani deti ndi zimene mwaona, m'mawu wamba. Mchemwali wanga, mkazi wa mlamu uja, ankalemba zonga izi: “Lero wasiya mpopi ukutuluka, watuluka panja. Wandifunsa katatu ngati mwana wapita kusukulu. Wagona masana onse. Kasitomala wabweza chitseko, miyezo yalakwika.” Musalembe kuti “sali bwino,” lembani chimene chachitika. Kopeli likhale m'manja mwa wosamalira, chifukwa wovulala ubongo nthawi zambiri saona kusintha kwake. Dokotala akamufunsa amayankha kuti zonse zili bwino, ndipo sakunama, akukhulupiriradi choncho.

Lembaninso za khalidwe, ngakhale zikuchititsa manyazi: ukali, kutukwana, kuononga ndalama, kulira popanda chifukwa, kuzizira m'banja. Madokotala anazindikira kalekale kuti ubongo wa kutsogolo ukavulala munthu amasintha mtima. Nkhani yodziwika ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji ku Vermont, ku United States, amene chitsulo chinamubaya patsaya n'kutulukira pamwamba pa mutu mu 1848. Anapulumuka, koma khalidwe lake linasintha moti sanabwezeredwe pa ntchito yake. Mabanja ambiri amabisa mbali imeneyi poteteza ulemu wa wodwala, osadziwa kuti akubisa umboni waukulu kuposa wonse.

Gawo lachisanu: musasaine msanga

Wolakwa kapena inshuwaransi yake akhoza kubwera msanga ndi ndalama m'manja, nthawi imene inu mukuzifunitsitsa. Pambali pa ndalamazo pamakhala pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Mukasaina, khomo latsekedwa, ngakhale khunyu itayamba patapita chaka, zomwe zimachitika ndithu kwa ena ovulala kwambiri. Ubongo umachira mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, n'kumapitiriza pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri, ndipo nthawi imeneyi isanathe palibe angadziwe kuti chotsalira n'chiyani.

Woimba foni kuchokera ku inshuwaransi ya mbali inayo amakhala waulemu, koma amalipidwa ndi kampani yake, osati inu. Muuzeni dzina, tsiku la ngozi, ndi kuti zina adzamva kwa loya. Wovulalayo asafunsidwe yekha. Inshuwaransi yanu yokha ndiyo muyenera kuidziwitsa msanga, chifukwa mapangano ambiri amaika malire a masiku. Komanso chepetsani zoika pa Facebook: chithunzi chimodzi cha wodwala akumwetulira paphwando chidzaonetsedwa ngati umboni woti anachira, popanda wonena kuti atabwerako anagona masiku awiri.

Mlamu wanga anali wokonzeka kulandira njinga yatsopano n'kuiwala nkhaniyo. Mkazi wake ndiye anakana kusaina.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: dziwani khomo logogoda

Anthu ambiri amasokoneza milandu iwiri. Mlandu wa boma, umene apolisi amatsegula, cholinga chake ndi kulanga wolakwa. Wofuna chipukutamisozi nthawi zambiri amatsegula yekha mlandu wina, ndipo umenewu sudikira kuti wina amangidwe. M'maiko ambiri mlandu wa boma umafuna umboni wosasiya chikaiko, pomwe wa chipukutamisozi umangofuna kuti mbali yanu ikhale yokhulupirika kuposa inayo. Choncho dalaivala akapezeka wosalakwa ku mlandu wa boma, sindiye kuti inu mwathera pomwepo.

Wovulalira kuntchito amakhala ndi khomo lake. Maiko ambiri ali ndi lamulo lolipira ogwira ntchito ovulala popanda kufunsa kuti analakwa ndani, ngakhale ndalama zake zimakhala ndi malire. Maiko ena ali ndi thumba la ovulala pamsewu: ku South Africa kuli Road Accident Fund, imene ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ku Britain kuli Motor Insurers' Bureau, yokhazikitsidwa mu 1946, yothandiza ogundidwa ndi galimoto yopanda inshuwaransi kapena yothawa. Ku New Zealand, kuyambira 1974, bungwe la ACC limasamalira aliyense wovulala pa ngozi, ndipo m'malo mwake anthu sasumirana pa kuvulala kotere. Funsani ngati kwanu kuli chofanana ndi zimenezi, musanataye mtima kuti wolakwayo ndi wosauka kapena anathawa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: werengani masiku

Mlandu wa chipukutamisozi uli ndi nthawi yake, ndipo ikadutsa khoti likhoza kukana kuumva ngakhale umboni utadzaza thumba. Ku England ndi Wales ndi zaka 3, ku United States, chigawo cha California zaka 2, cha Tennessee chaka chimodzi. Ku Road Accident Fund ndi zaka 3 ngati dalaivala kapena mwini galimoto akudziwika, koma zaka 2 ngati sakudziwika. Posumira boma kapena nthambi yake, malo ambiri amafuna kalata yochenjeza m'miyezi yochepa chabe. Kwa ana ndi kwa amene nzeru zasokonezeka kwambiri, maiko ena amaimitsa kuwerengaku, koma musadalire zimenezo loya asanatsimikize. Kukambirana ndi inshuwaransi pakokha sikuimitsa kalendala, ndipo ena amakukokerani dala ndi malonjezo mpaka tsiku litadutsa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kupeza loya

Funani loya wa milandu ya ovulala, makamaka amene anagwirapo ya ubongo. Wodziwa za malo ndi nyumba akhoza kukhala katswiri pa zake, koma sadzadziwa dokotala woyenera kumuitana. Tsimikizani ku bungwe la maloya la m'dziko lanu kuti ali ndi chilolezo. Chenjerani ndi anthu ozungulira m'mawodi ndi mapepala osainitsa, olonjeza ndalama zakutizakuti. Maiko ambiri amaletsa mchitidwewu, ndipo loya woona sanena nambala asanaone malipoti a chipatala.

Ngati thumba laperewera, yesani ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, mabungwe omenyera ufulu wa anthu olumala, kapena sukulu za malamulo za m'mayunivesite, zomwe zina zimathandiza anthu kwaulere. M'maiko ena loya amalolera kudzalipidwa mlandu ukapambana, potenga gawo la chipukutamisozi. Pangano lotere lilembedwe, ndipo mufunse mosachita manyazi: gawo lake ndi lotani? Ndalama za malipoti a madokotala alipira ndani? Tikaluza, kodi tidzalipira maloya a mbali inayo? Mlandu wathu adzauyendetsa ndi iye kapena wina mu ofesimo? Ndalama zikatuluka zidzafikira kuti, ndipo tidzaona pepala losonyeza zonse zodulidwa?

Popita tengani envulopu ija, kope lija, ndi munthu wodziwa wovulalayo asanavulale. Ngati wovulalayo sangathe kupanga ziganizo, khoti limatha kuvomereza wachibale kuti amuimirire.

Gawo lachisanu ndi chinayi: zimene muyenera kutsimikizira

M'maiko otsata malamulo ochokera ku England, mlandu wa kusasamala umaima pa miyendo inayi: kuti woimbidwa mlandu anali ndi udindo wosamala, kuti sanasamale, kuti kusasamalako ndiko kunavulaza, ndi kuti pali chimene chinatayika. Maziko ake ndi mlandu wa Donoghue v Stevenson wa mu 1932, wa mayi wa ku Scotland amene ananena kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa.

Pa kuvulala ubongo nkhondo imakhala pa mwendo wachitatu. Mbali inayo idzati kuiwalako ndi ukalamba, ukaliwo ndi wachibadwa, mutuwo unkapweteka kale, kapena munthuyo akungodzipangitsa. Musabise matenda akale kwa loya wanu, chifukwa adzatulukira ndithu, ndipo bodza limodzi limaipitsa zoona zonse. Lamulo m'maiko amenewa limati wolakwa amatenga wovulala mmene wamupezera: ngati chigaza chake chinali chofooka kale, amene anamugunda sangazembe mlandu pa chifukwa chimenecho.

Adzanenanso kuti wovulalayo analakwako. Kusavala lamba kapena helemeti nthawi zambiri sikupha mlandu, kumangochepetsa ndalama. Ku England khoti linagamula mu 1975, pa mlandu wa Froom v Butcher, kuti wosamanga lamba adulidwe 25 peresenti ngati lambayo akadamuteteza kotheratu, ndi 15 peresenti ngati akadangochepetsa kuvulala. Malo ochepa, monga zigawo zina za United States, ndi okhwima kwambiri moti kulakwako pang'ono kukhoza kukumanitsani zonse.

Umboni wamphamvu umachokera kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha, ndi kwa katswiri woyeza kaganizidwe, amene amakhala ndi wodwala maola angapo akumuyesa kukumbukira, kutchera khutu ndi kulinganiza zinthu. Mayeso amenewa amaonetsa zimene sikani inaphonya. Mbali inayo idzatumizanso dokotala wake. Perekezani wodwala kwa dokotalayo, ndipo wodwalayo anene zoona, osakuza kapena kuchepetsa. Pitirizani kupita ku masiku onse a chipatala ndi a fizo, chifukwa kudukiza kumawerengedwa ngati kuchira.

Gawo lomaliza: kuwerengera chipukutamisozi, ndi wochisunga

Musawerenge mabilu a dzulo okha. Chipukutamisozi chimayenera kuphimba chithandizo cha m'tsogolo, malipiro otayika ndi amene adzatayike, ululu ndi moyo umene wasintha, kukonza nyumba ngati akuyendera njinga ya olumala, ndiponso chisamaliro. M'maiko ena nthawi ya wachibale amene wasiya ntchito kuti asamalire wodwala imawerengedwanso, ndiye lembani maola ake m'kope lija. Kwa mwana musafulumire n'komwe: ubongo wa kutsogolo umakhwima mpaka zaka za m'ma 20, ndipo wovulala ali ndi zaka 6 akhoza kuoneka bwino mpaka sukulu itayamba kufuna zimene mbali yovulalayo ikadachita. N'chifukwa chake m'maiko ambiri mgwirizano wokhudza mwana umafuna chivomerezo cha khoti.

Milandu yambiri imatha mwa kugwirizana kunja kwa khoti, ndipo palibe choipa pamenepo ngati malipoti onse alipo. Ngati mbali inayo yavomera kulakwa koma mlandu ukuchedwa, funsani loya ngati lamulo la kwanu limalola kulandirako gawo lina msanga kuti chithandizo chisaime.

Ndalama zikatuluka pamabuka vuto lina limene mabanja sakonzekera. Munthu amene ubongo wake unavulala ndi wosavuta kumunyengerera, ndipo achibale amene sanaonekeko kuchipatala amatulukira. Kambiranani ndi loya, ndalama zisanafike, ngati zingasungidwe m'thumba loyang'aniridwa ndi khoti kapena ndi msungi wosankhidwa mwalamulo, kapena kumaperekedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Mlandu wa mlamu wanga unatenga zaka ziwiri ndi miyezi. Sikani yake inali yoyera, ndipo a inshuwaransi anakakamira pamenepo mpaka katswiri woyeza kaganizidwe atalemba lipoti lake, loya n'kuliika pambali pa makope atatu a mchemwali wanga ndi kapepala ka nambala ya galimoto kaja. Ntchito ya ukalipentala anayambiranso, koma ya theka la tsiku. Miyezo amalemba ndi pensulo pa thabwa lenilenilo, ndipo mwana wake wamkulu amaiwerenganso sowo isanalire.